Kadontho Koyera, Kadontho Kofiira

Nagaveni ankadzuka isanakwane sikisi koloko. Ankasamba, kuvala sari yake yotuwa, n'kupita kukhitchini kukayatsa chigayo cha khofi. Anachita zimenezi tsiku lililonse kwa zaka ziwiri ndi miyezi itatu, kuchokera pomwe mwamuna wake Sudhanva anagundidwa ndi lole pamsewu wa ku Hunsur.

Chigayocho chinali cha Sudhanva. Anachiitanitsa kunja. Chinali chakuda, cholemera ngati mwana wa zaka ziwiri, chodula kuposa njinga yamoto yomwe anaferapo. Pakhosi pake panali mphete ya manambala. Ukaipotolera uku ufa umatuluka wosalala, ukaipotolera uko umatuluka wokhakhala. Sudhanva anadontheza penti yoyera pakati pa 7 ndi 8.

"Veni, apa ndiye pamtima pake," anatero. "Osakhudzapo."

Ananena moseka. Patatha milungu itatu anamwalira, ndipo nthabwala ija inasanduka lamulo.

Choncho m'mawa uliwonse Nagaveni ankayeza magalamu 18 a njere pakasikelo, kuziwaza kadontho ka madzi kuti ufa usamatirire, kugaya, kutsindira, n'kuika pamakina ofulira. Akatha ankasesa pakamwa pa chigayo ndi kaburashi. Makapu anali awiri. Ina inali ya apongozi ake a Sharadamma, omwe iye ankawaitana kuti Atte. Ina inali yake.

"Khofi wa mwana wanga," ankatero Atte akangopsontha koyamba. Tsiku lililonse mawu omwewo.

Nagaveni ankamwa wake ataimirira. Sankamva kukoma kwake. Khofi, madzi otentha, mankhwala a chifuwa, zonse zinali chimodzi. Adokotala anamuyang'ana lilime n'kunena kuti lilibe vuto. Iye anavomera. Zambiri masiku amenewo ankangovomera.

*

Wobweretsa njere anali Hemanth. Kwawo kunali kumapiri a Chikkamagaluru, komwe banja lawo linali ndi munda wa khofi kuyambira nthawi ya agogo ake, koma iye ankakazingira khofiyo mu Mysuru momwemu. Sudhanva ali moyo ankagula kwa iye. Atamwalira, Hemanth sanasiye kubwera. Pakatha milungu iwiri ankaimika galimoto pageti, kuvula nsapato pakhomo, kupereka thumba, n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera, Atte ali pomwepo akusankha mpunga.

Chaka choyamba ankamwa khofi wa Nagaveni osadandaula. Chaka chachiwiri anatopa.

"Veni, kodi ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Bwanji?"

"Nanga khofi wangayu mukumuzunziranji? Wathamanga potuluka m'makina, masekondi khumi ndi awiri basi. Awa ndi madzi a ndimu."

"Ndi pomwe Sudhanva anasiya mphete."

"Anasiya pa khofi wa chaka chimenecho, nyengo yadzuwa. Khofi amasintha, Veni. Akakalamba mumathinitsa, mvula ikagwa mumamasula pang'ono. Mwiniwakeyo akanakhalapo bwenzi atapotola kale kambirimbiri. Ndimamudziwa, anali wosakhazikika manja."

Atte anakhosomola. Nkhani inathera pomwepo.

Hemanth anamufunsira mu Julaye, pageti, mvula ikuwaza.

"Sindikunena kuti muiwale munthu ayi. Ndikungofuna ndikukwatireni."

Nagaveni anayang'ana mumtima mwake ngati munthu wosuzumira m'nyumba yomwe anthu anasamukamo. Munalibe kukana. Munalibenso kuvomera.

"Sindikudziwa," anatero.

Hemanth anafunsanso mu Ogasiti. Anafunsanso mu Seputembala, pafoni. Yankho linali lomwelo.

Ndiye mlungu wa chikondwerero cha Dasara, tauni yonse itadzaza magetsi ndi alendo, uthenga wa Hemanth unalowa.

"Amma avomera kubwera. Loweruka, tsiku la Vijayadashami, lotsiriza chikondwerero. Akuti akufuna amwe khofi wa m'manja mwanu."

Palibe amene sadziwa tanthauzo lake mayi wa mwamuna akanena kuti akubwera kudzamwa khofi kunyumba kwa mkazi. Nagaveni anawerenga kawiri n'kulemba kuti, "Chabwino."

"Chabwino basi?"

"Nthawi yanji?"

"Teni koloko. Mundipha ndi chimwemwe chanuchi."

*

Lachinayi thumba la njere linabwera, koma osati ndi Hemanth. Pageti panaima kanjinga kamoto kofiira, n'kutsikapo mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno, magalasi adzuwa ali pamutu.

"Ndinu a Nagaveni? Iii, Akka, achemwali anga, ndimayesa ndinu achikulire! Hemanth akamakukambani amachita ngati akukamba za agogo odwala."

"Lowani."

"Ndine Spoorthi, msuweni wake. Amayi ake ndi azakhali anga, mimba imodzi ndi bambo anga. Ndati ndikubweretsereni ndine, ndionenso chigayo chotchukachi."

Sanadikire kulozeredwa. Anafika kukhitchini, n'kutambasula dzanja kuti agwire mphete ija.

"Osakhudza."

"Pepani. Ndi kachisi eti?" Anaseka, n'kutsamira pasinki. "Mukudziwa Akka, tsiku lomwe ananditulutsa kuchipatala, azakhali anandiika pamiyendo pa Hemanth. Ndinamukodzera. Anthu onse anaseka, akuti mwanayu walemberatu malire a munda wake."

Nagaveni anatsegula thumba lija n'kukhuthulira njere m'botolo.

"Komatu Loweruka musamale. Azakhali khofi amamudziwa. Akangonunkhiza amakuuzani phiri lomwe wachokera. Mukawapatsa wowawasa sakalipa ayi. Amangoika kapu pansi, ndipo nyumba imeneyo sadzapondamonso."

"Mumwa khofi?"

"Zikomo Akka, ndamva kale mbiri yake."

Kanjinga kaja katapita, Atte anatulukira kuchipinda komwe ankamvetsera.

"Mwana uja ndi wamwano, koma wanena zoona. Mwamunayo ali naye kale wake. Iwe uli ndi nyumba, uli ndi ine. Ukusowa chiyani?"

Nagaveni anadikira kuti akwiye. Mkwiyo sunabwere. Anatenga anyezi n'kuyamba kudula.

*

Lachisanu linali la Ayudha Puja, tsiku lomwe chida chilichonse chimatsukidwa, kudzozedwa, kuvekedwa maluwa, n'kupuma mpaka m'mawa mwake. Mabasi anali atamangiriridwa masamba a nthochi. Aneba anali ataika ndimu pansi pa matayala. Zaka ziwiri zapitazo, Nagaveni ankangopukuta chigayo ndi kansalu kouma n'kuikapo duwa limodzi. Chaka chino Atte anamutuma kumsika kukagula maluwa, ndipo kumsikako kunali anthu osapondeka.

Atabwerako anamva fungo la bwemba asanalowe n'komwe.

Pamphasa, patsogolo pa zithunzi za milungu, panali mipeni, lumo, makina osokera, makiyi a nyumba. Pakati pa zonsezi panali chigayo. Chinkawala ngati chatsopano. Chinali ndi mizere ya ufa wachikasu, ndi madontho a kumkum, ufa wofiira uja akazi apabanja amadzola pamphumi.

"Atte, mwachita chiyani?"

"Ndachitsuka. Mkati munali mwakuda bii, mafuta okhaokha. Zaka zonsezi ukungopukuta pamwamba ngati mwana wosamba kumaso kokha. Ndamasula khosi lake, ndatulutsa mano achitsulo aja, ndakwecha ndi bwemba ndi mchere monga timachitira ndi nyale zamkuwa. Taona kuwala kwake."

"Ndi madzi?"

"Nanga bwemba n'kuchoka ndi mphepo?"

Sudhanva anasiya malamulo atatu. Osathiramo madzi. Osagayiramo mpunga poti ukutsuka. Osayerekeza tsabola. Mano a chigayo amafuna kaburashi basi. Koma malamulowa anauza mkazi wake, sanauze amayi ake.

Nagaveni anagwada. Mphete ija inali itabwezeredwa molakwika, nambala 7 itayang'ana kukhoma. Anaifufuza ndi maso mozungulira. Inali yoyera mbee mbali zonse.

"Kadontho kaja."

"Kadontho kati?"

"Koyera. Ka Sudhanva."

Atte anavala magalasi n'kuwerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako dzanja lawo linapita pakamwa.

"Ndimayesa ndi litsiro," anatero. "Kanakanirira. Ndinachita kukapala ndi chikhadabo."

Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, kulira kwa pamaliro, uku akutchula dzina la mwana wawo. Nagaveni anawagwira paphewa. Maso ake anali ouma. Anakumbukira kuti mkaka sanauwiritse.

Atte atatonthola, iye anagwira chigayo kuti akachimasule, aumitse mano.

"Chisiye! Chapembedzedwa kale. Mpaka mawa."

"Chichita dzimbiri, Atte."

"Mpaka mawa, ndatero." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya sari. "Mwinanso ndi Sudhanva yemwe wagwira dzanja langa. Chigayo chake chigayire khofi anthu odzamulanda mkazi? Mawa ndiwalandira poti ndi alendo. Usayese kuti ndavomera."

Chigayo chinakhala pomwepo tsiku lonse, mano ali onyowa, maluwa ali m'khosi.

*

Masana Nagaveni anakhala pamasitepe akuseri n'kulemba uthenga.

"Atte atsuka chigayo ndi bwemba."

Foni inaitana nthawi yomweyo. Sanayankhe. Hemanth analemba.

"Mukunena nthabwala."

"Ayi."

"Mano mwaumitsa?"

"Chili pamaso pa milungu. Sichikhudzidwa mpaka mawa."

"Mayo ine."

"Kadontho kachoka."

Anaona kuti Hemanth akulemba, n'kusiya, n'kulembanso.

"Pepani, Veni."

Kenako uthenga wina. "Ndigaye ine kuno, ndidzakupatsireni pampanda m'mawa. Amma sadziwa."

"Spoorthi akuti amadziwa."

"Spoorthi anabwera kumeneko?"

"Anabweretsa thumba. Akuti anakukodzerani."

"Ndinali ndi zaka naini! Nkhani imeneyi idzandiperekeza mpaka kumanda. Thumbalo ndinalisiya patebulo kuti ndibweretse ndekha, ndimayesa ndalitaya. Musamumvere ameneyo. Ndibweretse ufawo?"

Nagaveni anayang'ana funsolo. Chala chake chinalemba chokha.

"Ayi."

Anadabwa nalo liwulo. Panali patapita nthawi asanalinene kwa munthu.

Hemanth sanaumirire. Anamulembera zoti achite, chimodzichimodzi, ngati akulangiza njira munthu wachilendo. Pomaliza anati, "Manambala akufikitsani pafupi. Kotsalako ndi lilime. Akawawasa, wathamanga, thinitsani. Akawawa, wachedwa, masulani."

"Langa silimva."

"Ndiye mulawebe mpaka litatopa n'kukuyankhani."

*

Loweruka m'mawa Atte anayatsa nyale, kuchotsa maluwa, n'kunena kuti zida zadzuka. Nagaveni ananyamula chigayo kupita nacho kukhitchini.

Anamasula khosi. Mano onse awiri anali ndi mawanga a dzimbiri ngati khungu la nthochi yakupsa. M'makona munali ufa wakale womwe unanyowa n'kuuma gwaa. Anatokosa ndi kamtengo. Anakwecha ndi kaburashi mpaka dzanja linatopa. Anatenga choumitsira tsitsi n'kupemerera mkati monse. Mawanga ambiri anachoka, ena anatsala.

Anabwezera mano. Anayatsa chigayo mulibe kanthu, n'kumapotola mphete pang'onopang'ono monga analembera Hemanth. Aka kanali koyamba dzanja lake kuipotola. Inkayenda mofewa, ngati sinali kudziwa kuti inaletsedwa. Kenako mano anakhudzana n'kulira kuti tswii, ngati kamwana ka mbalame. Anabwerera m'mbuyo msanga. Anagaya njere zodzaza dzanja n'kutaya ufawo, kuti utenge dzimbiri lotsala ndi fungo la bwemba.

Manambala akale anali opanda ntchito tsopano. Anayenera kuyamba pomwe palibe chizindikiro.

Kapu yoyamba inatuluka ngati mpopi, masekondi naini. Analawa. Madzi otentha.

Anathinitsa. Yachiwiri makina anangobuula osadontha kanthu. Anamasula. Yachitatu, yachinayi. Ankalawa, kulavula, kutsuka, kuyeza magalamu 18 ena. Njere m'botolo zinkatsika. Koloko inadutsa hafu eyiti.

"Ukutaya khofi ngati ndi mchenga," anatero Atte ali pakhomo.

Pa kapu yachisanu nsagwada zake zinagwirana zokha. Malovu anadzaza m'kamwa. Anaima chiimire, kapu ili m'manja. Kunali kuwawasa, kwa mango osapsa, aja Sudhanva ankagula pageti ya nyumba yachifumu atawaza mchere ndi tsabola. Analawanso kuti atsimikize. Kunali kuwawasa ndithu, ndipo kunali koipa.

Anathinitsa pang'ono. Yachisanu ndi chimodzi inachedwa, ndipo inawawa mpaka kukhosi. Analavulira musinki n'kutukwana.

Anabwerera m'mbuyo pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa njere ya mpunga. Khofi anatsika wonenepa ngati uchi, wofiirira, masekondi 27. Anapsontha. Munali kutsekemera kwa shuga wopserera pang'ono, ndipo kumbuyo kwake munali kanthu konga lalanje.

Anayang'ana mphete. Inali pa 4.

M'botolo munatsala za makapu asanu.

*

Alendo anafika teni koloko yeniyeni. Patsogolo panali a Rathnamma, amayi ake a Hemanth, mayi wathupi, sari yasilika yobiriwira, kumkum wa pamphumi wamkulu ngati ndalama yachitsulo. Pambuyo pawo Hemanth, malaya oyera, atadzicheka pachibwano pometa. Pambuyo pake Spoorthi, atanyamula thireyi yovundikira ndi nsalu.

"Uyu wabwera kudzandithandiza masitepe," anatero a Rathnamma. Masitepe ake anali awiri.

Anavula nsapato n'kukhala. Azimayi awiri aja anafunsana za mawondo, za mvula, za kuchuluka kwa anthu m'tauni. Hemanth ankangoyang'ana pansi n'kumamwetulira yekha. Kukhitchini chigayo chinalira kasanu.

Nagaveni analowa ndi makapu. Anayamba ndi a Rathnamma.

"Wanga wopanda mkaka, mwana wanga. Mkaka umabisa milandu."

"Ndi umenewu, Amma."

Ananunkhiza. Anapsontha, n'kusunga khofiyo m'kamwa. Anameza, n'kupsonthanso. Kapu sinapite pansi mpaka itatha.

"Uyu ndi wa kumunda wakumtunda, mbali ya mitengo ya malalanje. Hemanth, iwe amene sunandipangirepo wotere. Wakuchunira chigayo ndani, mwana wanga?"

"Ndekha, Amma."

"Manja abwino. Zomvetsa chisoni."

Hemanth sanamve mawu omalizawo. Anayang'ana Nagaveni, nkhope yonse ili mano. Atte anapsontha wawo kamodzi n'kuika kapu pansi.

"Uyu si khofi wa mwana wanga," anatero chapansipansi.

A Rathnamma anakodola Spoorthi. Nsalu inachotsedwa pathireyi. Panali kokonati, masamba otafuna a tambula, mpunga wachikasu, kabokosi kasiliva ka kumkum, ndi khadi la zilembo zagolide.

"Tabwera kudzakuitanani, a Sharadamma. Chinkhoswe cha Hemanth ndi Spoorthi, masiku naini akubwerawa. Mudzabwere nonse awiri."

Anatsegula kabokosi kaja monga amachitira poitana akazi. Anayang'ana mphumi ya Atte, yopanda kanthu. Anayang'ana ya Nagaveni, yopanda kanthu. Amasiye sadzola kumkum. Anakatseka.

"Bambo ake a mtsikanayu awagulira chigayo chonga chanuchi. Ndiye ndimati azibwera kuno mumuphunzitse. Panopa ngakhale tiyi amapsereza."

"Azakhali inu!" anatero Spoorthi akuseka.

Hemanth anaimirira, khofi n'kutayikira pamalaya oyera aja.

"Amma! Si zimene tinagwirizana izi!"

"Unati ndibwere ndidzamwe khofi. Ndabwera, ndamwa. Ndi wabwino. Koma munthu sakwatira kapu."

"Mwandinamiza."

"Khala pansi, uli kwa eni. Makadi afika kale nyumba mazana atatu. Amalume ako alipira holo."

Hemanth anatembenukira kwa Nagaveni.

"Veni, izi sindimazidziwa, ndikulumbira. Nenani liwu limodzi lokha. Limodzi. Zotsalazo ndithana nazo ndekha."

"Mufunse," anatero a Rathnamma, modekha. "Miyezi itatu akukuyankha kuti sakudziwa. Spoorthi anaona mufoni mwako. Mkazi woti sanagwetse msozi pamaliro a mwamuna wake, akalirira iwe? Uwu ndi mwala, mwana wanga. Sindikumunyoza ayi. Mwala ulibe mlandu. Koma sindingakupatse mwala kuti ugone nawo."

Nagaveni anadikira kuti zii uja abwere, amene ankamuphimba nthawi zonse anthu akamalankhula. Sanabwere. Khofi wa m'mawa uja anali akadali palilime. Pachifuwa pankapweteka ngati mwendo wadzanzi ukayamba kudzuka.

Anaika thireyi yake pansi n'kupita kukhitchini.

"Mwaona?" anamva a Rathnamma akutero kumbuyo.

Chigayo chinali chikadali chofunda. Pambali pake panatsala dontho limodzi la kumkum wa dzulo, lomwe sanalipukute. Analitenga ndi chala. Anadinda pamphete, pa nambala 4. Kufiira kwina kunatsalira pachala. Anadziyang'ana pachitsulo chowala cha makina ofulira, nkhope yopindika, yotalika. Anakweza chala n'kudinda pakati pa nsidze.

Atabwerera, woyamba kuona anali Spoorthi. Kuseka kunamuthera pakamwa. Atte anaimirira pang'onopang'ono, atagwira mpando.

"Pukuta."

"Ayi, Atte."

"Ndati pukuta! Mwana wanga chithunzi chake chili apo, akukuona!"

"Ayi."

Atte anamudutsa osamuyang'ana. Kukhitchini kunamveka chingwe cha magetsi chikuzulidwa kukhoma. Anatuluka atafungata chigayo pachifuwa, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, akuyenda mopepesuka ndi kulemera kwake. Palibe analimba mtima kuwathandiza. Pakhomo la chipinda chawo anatembenuka.

"Nyumba ino ndi ya amasiye. Amene si wamasiye, dzuwa lisamulowere muno."

Chitseko chinatsekedwa. Kiyi anazungulira kawiri.

A Rathnamma anaimirira, kukonza sari, n'kusiya khadi lija patebulo. Anavala nsapato zawo pakhomo mosafulumira.

"Hemanth, galimoto ikalira ukhale ulimo. Ukatsala, munda wa bambo ako uziuonera pachithunzi. Ndipo tsiku langa likadzafika, moto wa maliro anga usadzayatse ndiwe."

"Amma, dikirani kaye. Amma!"

Anawatsatira mpaka pakhomo. Spoorthi anali atatenga kale makiyi. Zitseko za galimoto zinamenyedwa, chimodzi, chachiwiri. Injini inalira.

Nagaveni anaima pakati pa chipinda, makapu asanu ali patebulo, yake isanakhudzidwe. Kumbuyo kwake, kuseri kwa chitseko chokiya, Atte ankalira. M'kamwa mwake munali mukadatsekemera, ndipo ankamva zonse tsopano, palibe chomwe chinkamudutsa.

Hutala inalira kawiri pageti. Hemanth anali pasitepe, maso ali pamphumi pa Nagaveni. Nsapato imodzi anali atavala. Inayo inali m'manja.